Kodi ndi foni imene yasintha maganizo a anthu pa ndale? Yankho kwa mphunzitsi wa ku Nkhotakota

Funso lomwe talandira likuti: "Ndine mphunzitsi pa sukulu ina ya sekondale kuno ku Nkhotakota, ndipo ndimayang'anira gulu la WhatsApp la anthu a m'dera lathu, lomwe tinalikhazikitsa kuti tizikambirana za chitukuko. Masiku ano m'gululi mwadzaza mauthenga onena kuti andale onse ndi mbava, ophunzira onse ndi ogulidwa, makhoti ndi atolankhani ali kumbali ya mabwana, ndipo dziko lino likufunika munthu mmodzi wolimba mtima woti akonze zonse popanda womufunsa. Ngakhale ana anga a Folomu 4 ayamba kulankhula chimodzimodzi. Kodi ndi masamba a mchezo amene abweretsa maganizo amenewa? Kodi ndingotseka gululi?"

Aphunzitsi, yankho langa lalifupi ndi lakuti foni sinabereke maganizo amenewa, koma yawatchipitsa, yawafulumizitsa, ndipo yawapatsa mphotho imene kale sankalandira. Gululo musalitseke. Kuti zifukwa zanga zimveke, tiyenera kuyamba tachitchula dzina chinthu chimene mukuchionacho.

Akatswiri a ndale amachitcha populism, ndipo m'Chichewa tilibe liwu limodzi lokhazikika, kotero ndizinena kuti ndale za "ife anthu wamba, iwo mabwana". Katswiri wa ku Netherlands, Cas Mudde, anafotokoza m'chaka cha 2004 kuti maganizowa amagawa dziko m'magulu awiri okha: anthu wamba, amene amaonedwa ngati oyera mtima onse, ndi akuluakulu, amene amaonedwa ngati ovunda onse. Pamenepo pamatuluka mfundo yachiwiri, yakuti popeza anthu wamba onse akufuna chinthu chimodzi, palibe chifukwa chokambirana, ndipo aliyense wotsutsa ndiye kuti wagulidwa. Mfundo yachitatu ndi imene yafika kale m'gulu lanu: khoti, nyumba ya malamulo, nyuzipepala ndi bungwe loyendetsa zisankho zimasanduka zopinga pakati pa anthu ndi mtsogoleri wawo, choncho ndi bwino kuzichotsa panjira.

Kudzudzula atsogoleri pakokha si populism, ndipo ndikunena izi motsindika chifukwa anthu ophunzira amakonda kulakwitsa pomwepa. Mu 2013 ndalama za boma zinasololedwa m'nkhani ya Cashgate, ndipo anthu ena anaweruzidwa n'kukagwira ukaidi. Mu 2021 kafukufuku wa ndalama zolimbana ndi Covid-19, zokwana K6.2 biliyoni, anapeza kuti zina sizinagwiritsidwe ntchito moyenera. Mu Novembala 2023 mphamvu ya kwacha inatsitsidwa ndi 44 peresenti, ndipo mlimi wa mpunga wa ku Bua ndi msodzi wa ku Chia anaimva nkhaniyi m'thumba asanaimve pa wailesi. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Munthu amene wakwiya ndi zinthu zotere sakudwala matenda a pa intaneti. Malire amadumphidwa pa liwu limodzi lokha, lakuti "onse": pamene "nduna yakuti yaba ndalama zakuti" yasanduka "onse ndi mbava", ndipo "woweruza uyu walakwitsa" yasanduka "makhoti ndi achabe". Chiganizo choyamba chikhoza kufufuzidwa, munthu n'kumangidwa. Chachiwiri sichifufuzika, ndipo chodabwitsa n'chakuti chimathandiza wakuba weniweni, chifukwa ngati onse ndi akuba palibe amene angalozedwe chala payekha.

Maganizo otere ndi akale kuposa foni iliyonse. Alimi a ku America anakhazikitsa chipani chotchedwa People's Party kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1890, polimbana ndi eni mabanki ndi eni njanji. Juan Perón, amene anasankhidwa ku Argentina mu 1946, anadalira wailesi ndi misonkhano ya pabwalo, ndipo Hugo Chávez wa ku Venezuela ankalankhula ndi anthu ake kwa maola ambiri pa pulogalamu yake ya sabata ndi sabata. Koma sitifunika kupita kutali chotero. Kwanu komweko ku Nkhotakota, pa msonkhano waukulu wa Malawi Congress Party wa mu 1960, Dr Kamuzu Banda anapatsidwa utsogoleri wa chipani wa moyo wake wonse. Madandaulo a nthawi imeneyo, okhudza chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland ndi ulamuliro wa atsamunda, anali enieni, ndipo anthu ankakhulupirira kuti munthu mmodzi wolimba mtima ndiye angawathetse. Pofika 1971 anali mtsogoleri wa dziko wamuyaya, ndipo zinatitengera mpaka referendamu ya pa 14 Juni 1993 kuti tibwezere m'manja mwa anthu mphamvu yosintha mtsogoleri. Zonsezi zinachitika popanda Facebook.

Nanga chatsopano n'chiyani? Choyamba, mlonda wa pachipata wachotsedwa. M'nthawi ya chipani chimodzi, wailesi inali imodzi, MBC, ndipo uthenga wosagwirizana ndi boma unkayenda mobisa. Kalata ya maepiskopi a Katolika imene inawerengedwa m'matchalitchi pa 8 Malichi 1992 inafalikira kudzera m'makina okopera mapepala ndi m'manja mwa anthu olimba mtima. Ngakhale ufulu utabwera, wandale ankafunikabe mkonzi wa nyuzipepala kapena mwini wailesi kuti mawu ake amveke, ndipo mkonziyo ankatha kumufunsa kuti umboni uli kuti. Lero sakufunikanso. Ku Italy, katswiri wa nthabwala Beppe Grillo anayamba kulemba pa intaneti mu 2005, n'kukhazikitsa gulu la Five Star Movement mu 2009, ndipo pa chisankho cha 2018 gululi linapeza mavoti pafupifupi limodzi mwa atatu alionse. Ku Brazil, Jair Bolsonaro anali ndi masekondi asanu ndi atatu okha pa nthawi yaulere ya kampeni ya pa kanema m'gawo loyamba la chisankho cha 2018, koma anapambana, ndipo magulu a WhatsApp anali mbali yaikulu ya kampeni yake. Kuchotsedwa kwa mlondayu kuli ndi ubwino wake, chifukwa mlonda yemweyo nthawi zina ankatsekereza choonadi. Koma wandale wonena kuti "amanyuzipepala sakufuna kuti mumve izi" wapeza chida chomukwana ngati chosokedwa ndi telala wake.

Chachiwiri chikukhudza momwe makampaniwa amapezera ndalama, ndipo inu a kunyanja muchimva msanga. Usiku wa mdima, siginala amapalasa bwato lake lokhala ndi nyali zowala, usipa n'kusonkhana pansi pa kuwalako, kenako anzake amazinga chilimira. Nyali ija sinaikidwe kuti iunikire usipa njira. Inaikidwa kuti usipa usachoke. Facebook, TikTok, YouTube ndi X zimagulitsa malo otsatsira malonda, kotero phindu lake limadalira nthawi imene maso anu akhala pa foni. Pulogalamu ya kompyuta imene imasankha zoti muone, yotchedwa algorithm, simafunsa ngati nkhani ili yoona. Imayeza ngati anthu akuima pa nkhaniyo, kuyankhapo ndi kuitumiza kwa ena. Zikalata za mkati mwa kampani ya Facebook zimene Frances Haugen, yemwe kale anali wantchito wa kampaniyo, anaulula mu 2021 zinaonetsa kuti kuyambira 2017, kwa nthawi ndithu, tizithunzi toonetsa momwe munthu wamvera, kuphatikizapo kankhope kolusa, tinkawerengedwa mphamvu kasanu kuposa chala chongosonyeza kukonda. Palibe amene anakhala pansi n'kunena kuti tiyeni tikweze andale okopa anthu. Anangopeza kuti mkwiyo ndi nyali yowala kwambiri.

Kafukufuku akugwirizana ndi zimenezi. Akatswiri a ku Massachusetts Institute of Technology anasanthula nkhani pafupifupi 126,000 zimene zinafala pa Twitter, imene lero imatchedwa X, kuyambira 2006 mpaka 2017, ndipo m'zotsatira zawo za mu 2018 anapeza kuti mwayi wakuti nkhani yabodza itumizidwenso unali wokwera ndi 70 peresenti poyerekeza ndi nkhani yoona, komanso kuti nkhani yoona inkatenga nthawi yotalika pafupifupi kasanu ndi kamodzi kuti ifike kwa anthu 1,500. Anapezanso kuti amene ankachititsa kusiyanaku kwenikweni anali anthu, osati makina otumiza okha mauthenga. Kafukufuku wina wa mu 2021 anasonyeza kuti mawu onena za gulu la adani pa ndale amakweza mwayi wa uthenga kugawidwa kuposa mawu otamanda gulu lako lomwe. Tsono taganizirani za mtengo wa feteleza. Kuufotokoza moona kumafuna kutchula kuchepa kwa ndalama zakunja, kukwera kwa mitengo pa msika wa dziko lonse nkhondo ya Russia ndi Ukraine itayamba mu 2022, mtunda wochokera ku madoko a Beira ndi Nacala, ngongole za boma, komanso katangale pa kagulidwe ndi kagawidwe. Ndi nkhani ya mphindi khumi, ndipo ilibe munthu mmodzi womukwiyira. Kunena kuti "aba onse" kumatenga sekondi imodzi ndipo kuli ndi nkhope yoilozera. Pa mpikisano wa foni, wachiwiriyu amayamba ali kale patsogolo, ngakhale atakhala kuti wanena gawo limodzi lokha la choonadi.

Mungafunse ngati pali umboni wakuti intaneti imasinthadi maganizo, osati kungoonetsa zimene zinalipo kale. Kafukufuku amene ndimamudalira kwambiri ndi wa Sergei Guriev, Nikita Melnikov ndi Ekaterina Zhuravskaya, wofalitsidwa mu 2021, amene anatsatira kufalikira kwa netiweki ya 3G m'maiko 116 kuyambira 2008 mpaka 2017, pogwiritsa ntchito mayankho a anthu oposa 800,000. Anapeza kuti netiweki ikafika m'dera, chikhulupiriro cha anthu pa boma chimatsika, makamaka kumene intaneti sikutsekerezedwa, ndipo ku Ulaya zipani zolamula zinataya mavoti pamene zipani zotsutsa boma zotsata populism zinapindula. Koma anapezanso kuti intaneti inkathandiza anthu kudziwa za katangale weniweni amene kale ankabisika. Ndiye kuti kutsika kwa chikhulupiriro si matenda nthawi zonse. Nthawi zina ndi maso amene atseguka. Vuto ndi lakuti amene amakolola mkwiyowo kawirikawiri ndi wofuula kwambiri, osati amene ali ndi njira yokonzera zinthu.

Ndiyenera kunenanso mbali imene imatsutsa mantha athu. Mu 2023 kunatuluka zotsatira za kafukufuku wamkulu wochitika pa chisankho cha ku America cha 2020, momwe anthu ena anawachotsera algorithm ya Facebook ndi Instagram kwa miyezi itatu, n'kumangoona mauthenga motsata nthawi imene alembedwa. Zimene ankaona zinasintha, koma maganizo awo pa ndale sanasunthe kwenikweni. Kafukufuku wina wa mu 2017 anapeza kuti kugawikana pa ndale ku America kunakula kwambiri pakati pa anthu a zaka zoposa 65, amene ankagwiritsa ntchito intaneti pang'ono kuposa onse. Ngakhale nkhani yotchuka ya Cambridge Analytica, kampani imene inatenga mosaloledwa mbiri ya anthu ofika 87 miliyoni a pa Facebook ndipo inagwiraponso ntchito pa zisankho za ku Kenya, imaonetsa bwino kuphwanyidwa kwa chinsinsi cha anthu kuposa kuonetsa kuti inatembenuzadi mavoti. Kuona kwanga n'kwakuti foni simatembenuza munthu wokhutira kukhala wolusa. Imapeza munthu amene ali kale ndi bala, n'kumuuza dzina la amene wamulasa, tsiku ndi tsiku, mpaka dzinalo likhazikika.

Kafukufuku wambiri amene ndatchulayu anachitika ku Ulaya ndi ku America, ndipo kwathu kuno zinthu zimayenda mosiyana. Kalembera wa 2018 anapeza kuti Amalawi tinalipo 17.5 miliyoni, ndipo pafupifupi 84 mwa 100 alionse tinkakhala kumudzi. Ogwiritsa ntchito intaneti sakwana munthu mmodzi mwa atatu. Wina angaganize kuti choncho masamba a mchezo alibe mphamvu kuno, koma ameneyo sanakhalepo pa doko m'mawa maboti akamakocheza. Foni imodzi yamakono imakwanira anthu makumi awiri. Uthenga wa mawu umaseweredwa mokweza pa siteji ya kabaza, pa bawo, m'minibasi ya pa msewu wa M5 yochokera ku Dwangwa kupita ku Salima, ngakhale pa siwa usiku wa maliro, ndipo sufuna kuti womvera adziwe kuwerenga. Madzulo munthu wina amaimba foni pa pulogalamu ya pa wailesi n'kubwereza zomwezo ngati maganizo ake. Pofika kwa gogo amene sanagwirepo foni yamakono, uthengawo wataya chizindikiro chilichonse cha kumene wachokera, watsala ndi mawu akuti "akuti".

Pali zinthu ziwiri zimene zimaupatsa mphamvu yapadera uthenga wa pa WhatsApp. M'magulu ake mulibe algorithm yosankha zoti muone. Amene amasankha ndi malume anu, mkulu wa mpingo wanu, shehe wanu kapena mnzanu wa kusukulu, ndipo ife tinaleredwa kuti mawu a munthu wotero sitimawafunsa umboni. Kukayika uthenga kumaoneka ngati kukayika munthu amene wautumiza, ngakhale iyeyo sanaulembe ndipo mwina sanaumvetsere mpaka kumapeto. Kenako pali nkhani ya bandulo. Makampani a mafoni amagulitsa mabandulo otsika mtengo a WhatsApp kapena Facebook yokha, kotero munthu akhoza kulandira mutu wa nkhani ndi chithunzi, koma sangatsegule nkhani yonseyo pa tsamba la nyuzipepala kuti aone ngati ikunenadi zimenezo. Bodza limamufikira motchipa, pamene kulitsimikiza kumafuna ndalama ina imene akanagulira ndiwo.

Mphekesera zotere zimakula kwambiri pamene akuluakulu achedwa kulankhula kapena anataya kale chikhulupiriro cha anthu. Mu 2017 mphekesera za anamapopa zinafala ku Mulanje, Phalombe, Thyolo ndi maboma oyandikana nawo, anthu osalakwa anaphedwa, ndipo bungwe la United Nations linachotsa antchito ake ena m'derali kwa kanthawi. Mphekesera zimenezi zinalipo kale m'zaka za m'mbuyo foni zamakono zisanafale, koma taonani mafupa ake: pali anthu obisika, olemera, ogwirizana ndi akuluakulu ndi alendo, amene akuyamwa magazi a osauka, ndipo apolisi akuwateteza. Ndi chigoba chomwecho cha populism, chovala nsalu ina.

Chinanso chimene muyenera kudziwa monga woyang'anira gulu n'chakuti phokoso si chiwerengero. Pa masamba onse a mchezo, anthu ochepa kwambiri ndiwo amalemba mauthenga ambiri a ndale, ndipo ena mwa iwo amalipidwa. Chitsanzo chodziwika bwino ndi cha kampani ya ku London yotchedwa Bell Pottinger, imene inalembedwa ntchito ndi kampani ya banja la Gupta ku South Africa, n'kuthandiza kufalitsa uthenga wakuti mavuto onse a dzikolo akuchokera kwa azungu eni chuma, pa nthawi imene banjalo linkanenezedwa kuti lalowerera kayendetsedwe ka boma. Chinyengocho chitaululika, kampaniyo inagwa mu Seputembala 2017. Kusalingana kwa chuma ku South Africa ndi kwenikweni, ndipo n'chifukwa chake uthengawo unagwira. Koma amene analipira anali mabwana ena ofuna kubisala kumbuyo kwa mkwiyo wa anthu wamba. Tengani sabata imodzi, muwerenge amene akutumiza mauthenga a mtundu umenewu m'gulu lanu. Ndikuyembekezera kuti mupeza anthu owerengeka, pamene ambiri ali chete, aliyense akuganiza kuti ndi yekha amene sakugwirizana nazo.

Za ana anu a Folomu 4 ndi chilakolako cha munthu mmodzi wolimba mtima, ndikukayikira kuti mwa zina aonera mavidiyo a Captain Ibrahim Traoré wa ku Burkina Faso, amene analanda boma mu Seputembala 2022 ndipo watchuka kwambiri pakati pa achinyamata a mu Africa kudzera pa TikTok, YouTube ndi Facebook. Ena mwa mavidiyo omutamanda anapezeka kuti ndi opangidwa ndi kompyuta, kuphatikizapo oonetsa oimba otchuka a kunja akumuimbira nyimbo zimene sanaimbepo, ndipo ena amaonetsa nyumba ndi misewu ya m'maiko ena ngati ntchito zake. Zimene mavidiyowo satchula n'zakuti mu Meyi 2024 ulamuliro wa asilikali unawonjezeredwa zaka zisanu popanda chisankho, ndipo mawailesi angapo a kunja anaimitsidwa kuulutsa mawu m'dzikomo. Sindikuwaseka anyamata amene amamusirira. Mnyamata amene akuona akulu ake ali ndi satifiketi ya MSCE koma akupalasa kabaza ali ndi chifukwa chofunira munthu wochita zinthu mwachangu. Funso loti mumufunse ndi lakuti, munthu wolimbayo akadzalakwitsa, adzamuchotsa ndani, ndipo adzadandaula pa foni iti.

Pali phunziro lina limene Amalawi tiyenera kulimva kuposa ena, chifukwa m'nkhani imeneyi ife ndife "iwo". Ku South Africa, kuyambira 2020, uthenga wa #PutSouthAfricansFirst unafala pa Twitter, ndipo mu 2021 kunabadwa gulu la Operation Dudula ku Soweto, lonena kuti alendo ndiwo alanda ntchito, nyumba ndi malo m'zipatala, ndiponso kuti andale osasamala za anthu awo ndiwo akuthandiza alendowo. Alendo amenewo ndi abale athu a ku Nkhotakota, Salima, Mangochi ndi Mzimba amene ali ku Joni, amene ndalama zawo zafolera malata nyumba zambiri m'mbali mwa nyanja. Mfundo ndi yomweyo imene ili m'gulu lanu, kungoti mpando wa mdani wakhalapo wina. Chaona mnzako chapita, mawa chiona iwe. Ndipo kwathu kuno, kumene mavoti amatsata kwambiri zigawo, mawu akuti "anthu enieni" sachedwa kufupika kukhala mtundu umodzi kapena chigawo chimodzi. Boma ngati lanu, kumene Achewa, Atonga ndi Ayao, Asilamu ndi Akhristu akhala moyandikana kuyambira nthawi ya a Jumbe, lili ndi zambiri zoti litaye ngati kufupikako kutaloledwa.

Musasokoneze populism ndi malonjezo akuluakulu, ngakhale zimayendera limodzi kawirikawiri. Lonjezo la maphunziro aulere a pulayimale la mu 1994 linakweza chiwerengero cha ana m'sukulu kuchoka pa ochepera 2 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni m'chaka chimodzi, popanda makalasi ndi aphunzitsi okwanira, ndipo inu mukudziwa kuposa ine ubwino ndi mabala ake. Mu 2020 mgwirizano wa Tonse unalonjeza ntchito 1 miliyoni ndi feteleza wa K4,495 pa thumba. Mtengowo unakwaniritsidwa m'chaka choyamba cha AIP, pulogalamu ya boma ya zipangizo za ulimi zotsika mtengo, koma pofika 2022 unali K15,000. Zipani zonse zalonjezapo zoposa thumba la boma. Pano foni yachita ntchito yabwino imene sitiyenera kuiiwala: yasanduka nkhokwe ya malonjezo. Kale wandale ankalankhula pa bwalo mawu n'kuuluka ndi mphepo ya mwera, koma lero kanema wake amasungidwa n'kumubwerera patatha zaka zisanu. Amalawi anachotsa boma lolamula mu 2020, n'kuchotsanso lina pa 16 Seputembala 2025, ndipo m'zisankho zonse ziwiri mawu akale a atsogoleri anayenda kwambiri m'mafoni.

Nkhani ya chisankho cha mtsogoleri wa dziko cha 2019 ndiyo yankho labwino kwa amene akunena m'gulu lanu kuti makhoti ndi achabe. Zithunzi za mapepala a zotsatira ofufutidwa ndi Tipp-Ex zinafala m'mafoni, anthu anachita zionetsero kwa miyezi yambiri, koma chimene chinasintha zinthu ndi oweruza asanu amene anamva umboni poyera, mlandu ukuulutsidwa pa wailesi ndi kumasuliridwa m'Chichewa, n'kufafaniza chisankhocho pa 3 Febuluwale 2020. Foni inasonkhanitsa mkwiyo, koma mkwiyowo ukanapanda kupeza khoti loima palokha ukanathera m'misewu. Munthu mmodzi wolimba mtima wosafunsidwa ndi aliyense sakanalola kuti khoti lotero likhalepo.

Tsopano za kutseka gulu. Mukalitseka, anthu omwewo atsegula lina mawa lomwe, ndipo m'gulu latsopanolo simudzakhala inu kapena wina aliyense wofunsa mafunso. Kuwonjezera apo mudzakhala mwatsimikiza zimene amanena, zakuti ophunzira safuna kumva mawu a anthu wamba. Maboma nawo amagwa m'mbuna yomweyi. Uganda inaika msonkho wa tsiku ndi tsiku pa masamba a mchezo mu 2018, n'kutseka Facebook chisankho cha Januwale 2021 chitayandikira, koma mkwiyo wa achinyamata sunathe. Kwathu kuno lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016 lagwiritsidwa ntchito kumanga anthu chifukwa cha zolemba zawo, ndipo ndi bwino kuti mamembala anu adziwe kuti uthenga wa pa foni ukhoza kuwafikitsa kupolisi, chifukwa madzi akatayika saoleka. Koma kumanga munthu chifukwa chonyoza mtsogoleri kumangomusandutsa ngwazi ya gulu lake.

Chimene ndingakulangizeni n'kubweza gululo ku zinthu zimene mamembala angazione ndi maso. Populism imanenepa pa nkhani zakutali ndi zosatsimikizika, ndipo imaonda pa nkhani ya mjigo wa pa mudzi wakutiwakuti. Gwirizanani kuti wotumiza uthenga wa ndale anene kumene wautenga ndi tsiku limene chinthucho chinachitika, ndipo aphunzitseni kuzindikira timivi tiwiri timene WhatsApp imaika pa uthenga wotumizidwa kambirimbiri. Kampaniyo yokha, pozindikira vutoli, inachepetsa mu 2019 chiwerengero cha malo otumizirako uthenga umodzi pa nthawi imodzi kufika pa asanu, ndipo mu 2020 kufika pa amodzi kwa mauthenga ofala kwambiri. Munthu wamkulu akatumiza zabodza, musamudzudzule pagulu. Muimbireni foni kapena mupite kunyumba kwake, chifukwa munthu wochititsidwa manyazi pamaso pa ana ake amakakamira bodzalo kuti ateteze ulemu wake. Ndipo wina akalemba kuti "onse ndi mbava", musamutsutse. Mufunseni kuti tiyambe ndi uti, pa ndalama ziti. Lamulo la Access to Information, limene linayamba kugwira ntchito mu Seputembala 2020, limalola nzika kupempha zikalata ku maofesi a boma, kotero gulu lanu likhoza kulembera khonsolo kufunsa momwe ndalama za CDF, thumba la chitukuko cha dera lanu, zagwirira ntchito, n'kuitana khansala kapena phungu kuti adzayankhe. Mwina sadzayankha msanga, koma ngakhale kusayankhako kudzakhala dandaulo lokhala ndi dzina, tsiku ndi ofesi.

M'kalasi, tengani uthenga umodzi umene ukufala, muulembe pa bolodi, ana aupatule okha: ndi ziganizo ziti zimene zingatsimikizidwe, ndani akutchedwa "ife", ndani akutchedwa "iwo", ndani watsala kunja kwa magulu onse awiri, ndipo lonjezo lili m'menemo lingalipiridwe ndi ndalama zochokera kuti. Kenako apatseni chitsanzo cha pafupi cha ulamuliro wa mtundu wina. Pa chilumba cha Mbenje, m'dera la Senior Chief Makanjira ku Salima, usodzi umatsekedwa chaka chilichonse m'nyengo ya dzinja, kuyambira cha mu Disembala mpaka cha mu Epulo, ndipo mwambowu wasungidwa kuyambira m'zaka za m'ma 1950. Kutseka nyanja si uthenga wokoma kwa msodzi amene ali ndi ana ofuna fizi mu Januwale, ndipo munthu wofuna kuwomberedwa m'manja akanangolonjeza kuti aitsegula. Komabe asodzi amatsata lamuloli chifukwa pali komiti imene amaidziwa, malamulo amalengezedwa poyera pa mwambo wotsegulira, wolakwa amaweruzidwa pamaso pa anzake, ndipo nsomba zimene amapeza nyanja ikatsegulidwa amaziona ndi maso awo. Afunseni anawo kuti alembe mauthenga awiri a mawu a mphindi imodzi, wina woteteza kutseka kwa Mbenje, wina wokuwa kuti mafumu ndi a zausodzi akudyera asodzi masuku pamutu, kenako avote mobisa kuti ndi uti umene akanautumiza kwa anzawo.